Ukufuna kukafukula manda a mafarao? Yamba wamva izi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4. Akuti chiphunzirireni za Egypt wakale, mtima wake uli pa mapiramidi ndi mafarao, ndipo akufuna kudzakhala katswiri wa zakale za dzikolo. Bambo ake akanitsitsa kwamtuwagalu: History sadyetsa munthu, akachite unamwino basi. Akufunsa kuti amvere ndani. Makalata otere sasowa, chimene chimasintha ndi dziko lokha limene mwana wakopeka nalo.

Ndiyambe ndi iwe, mwanawe. Kalata yako yonse yadzaza farao Tutankhamun, golide ndi mitembo yosaola. Zimenezo ndi za pa YouTube. Akatswiri enieni nthawi yawo imathera pa zinthu zosanyezimira. Pafupi ndi mzinda wa Luxor ku Egypt pali mabwinja a mudzi wa Deir el-Medina, momwe munkakhala amisiri osema ndi kujambula manda a mafumu. Kumeneko kudapezeka mapale ndi timiyala tambirimbiri tolembedwa. Mwala wina, omwe tsopano uli ku British Museum, nyumba yosungiramo zakale ku London, ndi kaundula wa ojomba ku ntchito m'chaka cha 40 cha ufumu wa Ramesses II. Uyu walumidwa ndi chinkhanira, uyu akufulula mowa, uyu akukulunga thupi la mayi ake. Ndalama zachitsulo kudalibe, malipiro adali matumba a tirigu ndi barele, zophikira buledi ndi mowa. Tirigu atachedwa m'chaka cha 29 cha Ramesses III, amisiriwa adataya zipangizo n'kukakhala pansi ku akachisi, akudandaula njala. Kumeneku ndi kunyanyala ntchito kwakale kwambiri kumene tili nako m'zolembedwa. M'mudzi momwemo mayi wina, Naunakhte, adalembetsa pabwalo la milandu kuti ana ake omwe sadamusamale pa ukalamba asadzalandire chuma chake, chifukwa mkazi kumeneko adali ndi katundu wakewake.

Ngakhale za chikhulupiriro zimawerengedwa motero. Aliyense amadziwa kuti ankati mtima wa womwalira udzayezedwa pasikelo ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa choonadi ndi chilungamo. Ochepa ndiwo amafunsa chifukwa chimene ankaikira m'manda tizidole totchedwa shabti, tonyamula makasu. Ankakhulupirira kuti kumanda nakonso kuli thangata, ndiye tizidoleto tidzayankha m'malo mwa mwini manda akaitanidwa kumunda. Ngati zoterezi zikukukoka kuposa golide, pali poyambira. Ngati ayi, uli ndi chosangalatsa cha pa tchuthi, osati ntchito.

Tsopano zowawa. Digiri ya za Egypt wakale simuno ayi. Imaphunzitsidwa m'malo ngati Cairo, Liverpool, Oxford ndi London, ndipo ukafika patali umayenera kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt, zomwe katswiri wa ku France, Champollion, adazimasula mu 1822, kuphatikizapo Chifalansa ndi Chijeremani, poti mabuku ambiri ofunika ali m'zilankhulo zimenezo. Ntchito zake n'zochepa, ndipo eni dziko la Egypt, omwe ali ndi akatswiri awo ambiri, nawonso akuzilimbirana. Usadzinamize kuti ukangolemba MSCE wina adzakutumizira tikiti.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi: khoza bwino, ukachite History ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, ndipo ngati n'kotheka uiphatikize ndi zauphunzitsi. Ena amanyoza choko, koma pepala lauphunzitsi limakupatsa poima uku ukusaka thandizo lokachitira digiri yachiwiri kunja, ndipo ndi pa digiri yachiwiriyo pomwe Egypt amalowera. Luso la ntchitoyi, lofukula mosamala, kulemba chilichonse chimene wapeza, kusunga zinthu zakale kuti zisawonongeke, ungaliphunzire konkuno. Ku Chongoni ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga zomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idazilemba pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale, m'boma lomwe mudapezeka chibwano cha munthu wakalekale mu 1991. Ku Zomba kuli National Archives. Opereka thandizo la maphunziro amamvera msanga munthu amene wagwirapo dothi kwawo kusiyana ndi amene wangoonera makanema.

Nanu bambo, mantha anu ndikuwamva, koma si atsopano. Ana asukulu a ku Egypt ankakopera mobwerezabwereza malangizo a bambo wina, Khety, akuperekeza mwana wake Pepi ku sukulu ya alembi. Ulendo wonse akunyoza ntchito za ena: wosula zala zake zakhakhala ngati za ng'ona, wometa amayendayenda mpaka usiku kufuna woti amumete, wochapa amachapira pafupi ndi ng'ona. Zaka pafupifupi 4,000 zapita, makolo tikadali pomwepo, tangosintha dzina la ntchito. Chimene chimanditopetsa n'chakuti m'kalata yonse mwanayu sakunena kuti mudamufunsapo mmene akukhozera Biology ndi Chemistry. Unamwino si pothawira. Mwana womukankhira kumeneko mtima uli kwina amakasiyira panjira fizi italowa kale, kapena amamaliza n'kumakalipira odwala kwa zaka 30. Khalani naye pansi, lipoti la sukulu lili patebulo.

Iwe mwanawe, sindikulonjeza Luxor. Koma mtsikana amene walemba masamba awiri opanda cholakwika pa nkhani imene palibe adamutuma si wotaya. Teremu ino ika mtima pa Chingerezi, poti popanda kirediti yake yunivesite sungailote, ndipo usataye masamu ndi sayansi chifukwa chokwiyira bambo ako. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi, osati History yekha. Mayeso akatha, pempha aphunzitsi ako akulembere kalata yokapempha kuthandiza ntchito ku nyumba yosungiramo zakale imene ili pafupi nawe, ngakhale kwa mwezi umodzi wopanda malipiro. Ukakapukuta fumbi ndi kulemba manambala pa mapale osweka, udzandilemberenso ngati ukufunabe.