Kodi kugula ndege yangayanga n'kwanzeru?

FUNSO: Ndili ndi bizinesi ya zipangizo zomangira kuno ku Mzuzu, ndipo kawiri pa mwezi ndimapita ku Lilongwe. Msewu wanditopetsa. Ndikufuna kugula kandege ka anthu anayi, koma mayi akunyumba akuti n'kutaya ndalama. Ndiwauze chiyani kuti amvetse? — Bambo a ku Luwinga

YANKHO: Bambo, musanawauze kanthu mayiwo, tengani cholembera tiwerengere limodzi maola.

Pa M1, kudzera pa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndi makilomita pafupifupi 350, ulendo wa maola asanu. Mumlengalenga, kuchoka pa bwalo la Mzuzu kukatera pa Kamuzu International Airport, ndi makilomita ngati 260. Cessna 172, kandege ka mipando inayi kamene ambiri amayambira, kamathamanga makilomita 220 pa ola, ndiye mwafika mu ola ndi mphindi 15. Zokoma kumva. Koma onjezanipo theka la ola loiyendera ndegeyo musanailize, kufunsa zanyengo ndi kupereka flight plan, ndondomeko ya ulendo wanu, kwa oyang'anira za ndege. Komanso mwatera ku Lumbadzi, osati ku Area 2. Pafunikabe galimoto yokutengani makilomita oposa 20. Nthawi yeniyeni imene mwapulumutsa ndi maola awiri kapena atatu.

Pa ndege, maulendo anu awiri opita ndi kubwerera akukwana maola asanu pa mwezi, 60 pa chaka. Anthu a ndege amati mukalephera kufika maola 100 pa chaka, kuchita hayala n'kotchipa. Chifukwa chake n'chakuti ndege imadya ndalama ngakhale ili chikhalire: inshuwalansi, malo oisungira, kuiyeza chaka ndi chaka kuti chiphaso chake choulukira chisathe, laisensi yanu ndi kupimidwa kwa dokotala. Ikauluka imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola, ndipo si petulo wa pa filling station ayi, ndi avgas 100LL, mafuta a ndege abuluu, amene sapezeka pa bwalo lililonse. Oilo amasinthidwa maola 50 aliwonse.

Chimene ogula ambiri amaiwala ndi injini. Opanga injini za Lycoming, zimene zimakhala m'ma Cessna 172 ambiri, amati iphwasulidwe yonse n'kukonzedwanso ikakwanitsa maola 2,000 kapena zaka 12, chimene chayamba kukwana. Pa maola anu 60, zaka 12 zidzatha mutauluka maola 720 okha, koma bilu idzabwera yathunthu, madola masauzande makumi angapo. Ndipo ndi madoladi: sipeya, matayala, ma spark plug, zonse n'zochokera kunja. Amene anali ndi ngongole ya madola mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa tanthauzo lake.

Ndege yongokhala imawonongeka msanga kuposa youluka, makamaka kuno kwachinyontho. Mkati mwa ma cylinder a injini mumagwira dzimbiri. M'matanki osadzaza mumachita mame, madziwo n'kukhazikika pansi pa mafuta. N'chifukwa chake woyendetsa amatapa pang'ono m'kabotolo koonekera mkati, n'kukweza padzuwa kuona ngati pansi pa mafuta abuluuwo pali timadontho toyera. Pansi pa phiko pali kapaipi koyezera liwiro, pitot tube; mavu akamatamo dothi, mumathamanga pa bwalo singano ya liwiro ili zii.

Za mipando inayi musazikhulupirire kwambiri. Matanki akadzaza, malita 200 amalemera makilogalamu pafupifupi 145, ndipo otsala a anthu ndi katundu ndi ngati 250. Amenewo ndi akuluakulu atatu ndi kachikwama. Bwalo lathu la Mzuzu lili pamtunda woposa mamita 1,200 ndipo msewu wake wonyamukira ndege ndi wa kilomita imodzi ndi pang'ono. Masana a October mpweya umapepuka, injini imafooka, ndege yolemedwa imachedwa kunyamuka pamene nyumba za m'tauni zili pafupi.

Ndiye pali chifunga. Laisensi yoyambira, PPL, imafuna maola osachepera 40 ophunzira, ndipo imakulolani kuuluka mukuona kunja basi. Inu mukudziwa mmene Chikangawa imatsekera m'miyezi ya June ndi July. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali, ya injini ziwiri, yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi ena asanu ndi atatu, inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo ndipo inagwa m'nkhalango imeneyi. Mwini ndege ayenera kukhala munthu wotha kunena kuti lero sindiuluka, ngakhale msonkhano uli wa ndalama zambiri, n'kukwera galimoto yomwe ija anaitopa.

Pa masamu amenewa, mayi akunena zoona. Zikanasintha mukanakhala kuti sabata iliyonse muli ku Likoma, kumene ndege imafika mu theka la ola pamene pamadzi muyenera kutsikira ku Nkhata Bay kukadikira tsiku la sitima monga Ilala, kapena ku Chelinda pa Nyika, kumene msewu umavuta dzinja. Zingasinthenso mutapeza anzanu atatu ogawana nawo ndegeyo ndi mabilu ake, pangano lili lolembedwa. Poyamba chitani hayala chaka chimodzi, muzilemba ola lililonse ndi tsiku lililonse limene nyengo inakubwezani. Bukulo mukaonetse mayi.

FUNSO: Nditagula ndege, ndingamanyamule anthu olipira kuti izidzilipirira yokha? — Wowerenga, Katoto

YANKHO: Ndi PPL ayi, achimwene. Wonyamula anthu pa malipiro amafunika laisensi ya oyendetsa ndege zamalonda, CPL, ndipo kampani yanu ikhale ndi chiphaso chochitira bizinesi ya ndege, AOC, chochokera kwa oyang'anira za ndege m'dziko muno. Izi zimabwera ndi inshuwalansi yokwera, kuyezetsa ndege maola 100 aliwonse, mabuku a ndondomeko ndi amakaniko ovomerezeka. Mukanyamula wolipira mobisa n'kuchitika ngozi, a inshuwalansi amakana kulipira chifukwa munawauza kuti ndegeyo ndi ya maulendo anu okha.