Musayambire pa His Girl Friday

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake m'mafilimu akale a ku America a nthabwala zachikondi, aja amati screwball, anthu amangokangana osagwirana n'komwe, komanso muyambire pati poti His Girl Friday yakukanikani kuitsatira. Vuto si makutu anu ayi. Mwangoyambira pa filimu yothamanga pakamwa kuposa anzake ambiri.

Mkanganowo uli ndi gwero. Kuyambira mu Julaye 1934, makampani a ku Hollywood anayamba kutsatira mwamphamvu malamulo a Production Code, ndipo ofesi ya Joseph Breen inkaunika nkhani isanajambulidwe. Za kuchipinda, kupsompsonana kotalika, chigololo chopanda chilango, zonsezi zinkadulidwa. Ndiye olemba anasamutsira chikondi chonse pakamwa: kunyogodolana, kupusitsana, kutchingirana njira. Mukaona awiri akulumana ndi mawu, uko ndiye kufunsirana kwake. Mukamadikira kuti mkangano uthe kuti chikondi chiyambe, filimu idzatha musanaone kanthu.

Yambani ndi It Happened One Night ya 1934, ya Frank Capra. Amalankhula mwachifatse ndipo nkhani ndi yowongoka: mwana wa mpondamatiki wathawa kwa bambo ake, wakumana ndi mtolankhani m'basi yochokera ku Florida kupita ku New York. Yang'anitsitsani pomwe agona m'chipinda chimodzi. Clark Gable, yemwe akusewera mtolankhani uja, akumanga chingwe pakati pa mabedi awiri, akupachikapo bulangeti, n'kulitcha malinga a Yeriko, uku Claudette Colbert, mwana wa mpondamatiki uja, ali tsidya linalo, kumamvera kaphokoso kalikonse. Bulangeti limenelo lili ngati malamulo omwe aja atasandutsidwa nthabwala, ngakhale filimuyi inatuluka miyezi ingapo asanayambe kuwatsatira mwamphamvu. Filimuyi inatenga ma Oscar asanu akuluakulu.

Kenako My Man Godfrey ya 1936, momwe banja lolemera lopanda mutu litola munthu wokhala kudzala la mumzinda n'kumulemba ntchito ya m'nyumba. Inali nthawi ya umphawi wadzaoneni ku America, n'chifukwa chake olemera m'mafilimuwa amakhala zitsiru. Ikatero, The Awful Truth ya 1937: Irene Dunne ndi Cary Grant akusudzulana, koma akulimbirana galu m'khoti ndi kuwonongerana zibwenzi zatsopano.

Bringing Up Baby ya 1938 ndi yotchuka, koma kwa woyamba kumene ndi yotopetsa. Muli kambuku woweta, galu wokwirira fupa la dinosaur, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe wa mutu wabwino woti mupumirepo. Ngakhale itatuluka kumene sinapindule. Isungeni.

Tsopano His Girl Friday ya 1940 ija. Wotsogolera filimuyi, Howard Hawks, anachita dala kuti osewera azilankhulirana pamwamba, wina asanamalize mnzake wayamba. Chinsinsi chake n'chakuti kumayambiriro ndi kumapeto kwa chiganizo anaikako mawu opanda ntchito, oti aphimbike, pomwe mfundo ili pakati. Choncho musalimbane ndi liwu lililonse. Tsatirani munthu mmodzi, makamaka Rosalind Russell, mkazi yemwe ali patsogolo pa nkhaniyi, enawo akhale phokoso la mu ofesi ya nyuzipepala. Ulendo wachiwiri mutsatire Cary Grant.

Chinanso chomwe chingakhale kuti chinakusokonezani ndi kope lomwe munaonera. Umwini wa mwalamulo (copyright) wa His Girl Friday komanso wa My Man Godfrey unatha, ndiye aliyense amangoiponya pa YouTube, nthawi zambiri kuchokera pa tepi yakutha, mawu ali mbuu. Sakani kope lokonzedwanso. Chithunzi choyenera ndi chotsala pang'ono kukhala chofanana mbali zonse, chokhala ndi mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Chikadzaza sikirini yonse, ndiye kuti achikoka kapena adula mitu ndi miyendo. Zopakidwa utoto zisiyeni.

Mawu olembedwa pansi aja, musadalire omwe makina amadzipangira okha, chifukwa anthu atatu akalankhula pamodzi amangolemba zosamveka. Pezani olembedwa ndi munthu. Mahedifoni amathandiza kuposa sipika ya foni. Koma liwiro musalichepetse kufika pa 0.75, chifukwa nthabwala zambiri zagona pa kufulumira kwa yankho, ndipo mukazichedwetsa zimafa. Kuli bwino kubwezera m'mbuyo masekondi 10 pomwe mwataya nkhani.