Kodi chi-square yokha ikukwanira pa kafukufuku wa kunenepa kwa ana?

Mchemwali wina amene akuphunzira zaumoyo kuno ku Mzuzu wandilembera imelo. Akufuna kuyeza ana 300 m'masukulu 6 a pulayimale, awafunse ngati amasewera, kenako agwiritse ntchito chi-square (masamu oyesera ngati zinthu ziwiri zikugwirizana) posonyeza kuti kusasewera ndi kumene kukunenepetsa ana. Akufunsa ngati zimenezi zikukwanira.

Achemwali, sizikukwanira, ndipo vuto likuyamba musanafike n'komwe pa kompyuta.

BMI, muyezo umene timaonera kunenepa, ndi kulemera kwa munthu m'makilogalamu kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, msinkhuwo mutauchulukitsa ndi iwo wokha. Malire a BMI a 25 (thupi kupitirira muyezo) ndi 30 (kunenepa kwambiri) ndi a akuluakulu, musawaike pa mwana. Kwa ana a zaka 5 mpaka 19, WHO (bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse) inatulutsa muyezo wake mu 2007 umene umaona zaka ndiponso ngati mwanayo ndi mnyamata kapena mtsikana: z-score (nambala yosonyeza mmene BMI ya mwana yatalikira ku ya pakatikati pa muyezowo) ikaposa +1 thupi lapitirira muyezo, ikaposa +2 ndiye kunenepa kwambiri. Pulogalamu ya AnthroPlus imawerengera zimenezi mwaulere. Msinkhu muuyeze mosamala, chifukwa kwathu kuno kupinimbira n'kofala. Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 inapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira, pamene opitirira muyezo anali pafupifupi 5 mwa 100.

Funso lakuti "kodi umasewera?" ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri. Mtsikana wa ku Mchengautuwa amene watunga madzi m'mawa, wasesa pakhomo, nakwera chitunda wapansi popita kusukulu, adzayankha kuti sasewera. Pa pepala lanu adzaoneka ngati wongokhala, chonsecho thukuta latuluka. WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi molimbika mphindi 60 pa tsiku, ndipo ntchito zapakhomo ndi kuyenda zili momwemo. Muzifunse paderapadera. Mukapeza kachipangizo kovala m'chiuno kotchedwa accelerometer, ana ochepa akavale sabata yathunthu kuti muone ngati mayankho awo akugwirizana nako. Mulembenso mwezi umene mwayeza, pakuti mvula ya Mzuzu ndi chisanu cha Juni zimasunga ana m'nyumba.

Tsopano masamu enieniwo. Chi-square imatenga mwana aliyense ngati sakukhudzana ndi mnzake, pamene ana a sukulu imodzi amafanana: bwalo limodzi, zogula pa buleki zofanana, makolo opeza mofanana. Mukanyalanyaza zimenezi, p-value (nambala imene ikachepa timati zimene tapeza sizinangochitika mwamwayi) imachepa monyenga. Gwiritsani ntchito regression (masamu oyeza zinthu zingapo nthawi imodzi) yoganizira sukulu, imene ilipo m'mapulogalamu a pa kompyuta a Stata ndi R, ndipo muikemo zaka za mwana, kaya ndi mnyamata kapena mtsikana, zakudya ndi kapezedwe ka banja. Mwana wobwera pa galimoto ndi yemwenso amakhala ndi ndalama ya tchipisi, tsono musanaloze chala kusayenda, muchotse kaye mbali ya tchipisiyo. Popeza onenepa kwambiri angakhale ochepa mwa ana 300, ndi bwino kugwiritsa ntchito z-score yeniyeniyo kusiyana ndi kugawa ana pawiri, onenepa ndi osanenepa.

Ngakhale mutachita zonsezi, kuyeza kamodzi sikungakuuzeni chimene chinayamba. Mwana wonenepa amene anzake amamuseka pa mpira amasiya kusewera, ndiye kunenepako n'kumene kwabweretsa kusasewera. Mu lipoti lanu mulembe kuti ziwirizi zikuyendera limodzi, osati chimodzi chikuyambitsa chinzake. Musanayeze mwana aliyense, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha makolo, ndipo ana muziwayezera poduka mphepo, osati pamaso pa kalasi yonse.