Keke ya nsanjika zinayi inandiliza pa Luchenza

Sabata ino ndalandira imelo ya mtsikana wina wa ku Bvumbwe. Ukwati wake uliko mu Okutobala, makadi agawa 150, ndiye akufunsa kuti keke ikhale yaikulu bwanji. Achemwali, mwandiponda pachilonda.

Wanga ukwati unachitikira pa Chitakale, mwezi womwewo wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Azakhali anga anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti mwana wa mlongo wawo sangadule keke yaifupi ngati chigumu. Tinaoda ya nsanjika zinayi ku Limbe. Mng'ono wanga anaifungatira pamiyendo kumpando wakumbuyo, kudutsa Bvumbwe, kukhotakhota m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Pofika pa Luchenza anandiimbira foni akulira. Kirimu wa batala anali atasungunuka, nsanjika yapamwamba yapendekeka ngati duku la munthu wochokera kumowa. Nanenso ndinalira, zodzola zonse kumaso balala.

Ku holoko anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Kwathu kuno khadi ndi ulemu chabe; munthu akamva zokuzira mawu amasamba n'kubwera, ana atatu pambuyo. Koma kodi onsewo anadya keke? Ayi ndithu. Keke yathu imagulitsidwa, a MC akukuwa mitengo, ndipo pofika nthawi imeneyo matumba amakhala ataphwa kale ndi perekaniperekani. Anagula ndi ankhoswe, anzathu akuntchito ndi amayi angapo a kumpingo. Theka lonse linatsala. Tinamwera tiyi sabata yathunthu mpaka nyerere zinatithandiza.

Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti komiti inakangana misonkhano itatu za kekeyo, koma mpunga unatha akuchimuna asanadye. Apongozi anga amaikumbukirabe nkhaniyi, keke saitchula n'komwe. Ndiye ine ndinene mosapsatira: keke yaitali ndi ya pa chithunzi, ya anthu a pa Facebook amene sanasonkhe ngakhale K500. Amene akuumirira nsanjika zisanu atulutse yekha ndalama ya mazira, shuga ndi batala, tione ngati salankhula motsitsa.

Tsono za kukula kwake

Ophika keke amawerengera kachidutswa ka inchi imodzi m'lifupi ndi mainchesi awiri m'litali, nsanjika iliyonse itatalika mainchesi anayi. Mwa kadulidwe kameneka, keke yozungulira ya mainchesi 6 imatulutsa zidutswa pafupifupi 12, ya 8 zidutswa 24, ya 10 zidutswa 38, ya 12 zidutswa 56. Inuyo achemwali a ku Bvumbwe, odani nsanjika zitatu, ya 8, ya 10 ndi ya 12. Zimenezo ndi zidutswa pafupifupi 118, zokwanira bwino ngati keke idzagulitsidwe. Ngati mukufuna aliyense alaweko, musaonjezere nsanjika. Phikitsani ina ya m'thireyi yosakongoletsa, idulidwe kukhitchini n'kukulungidwa. Azakhali anu akavuta ngati anga, ophika ambiri amatha kuika nsanjika yabodza pansi, palibe amadziwa.

Ndi kutentha kwa Okutobala pemphani fondant, phala lolimba la shuga lokutira keke, imapirira kuposa kirimu wa batala. Nsanjika iliyonse iyende m'katoni yakeyake m'mamawa, wophikayo akasanjike yekha ku holo. Ndipo mpeni mudzapatse munthu mmodzi wa dzanja louma, osati malume okonda kusekerera alendo.