Musangoti "anali mayi wopemphera"

Imelo iyi yakhala m'foni mwanga masabata atatu ndisanaiyankhe. Si ulesi ayi. Inandigunda pachilonda chomwe ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Alemba ndi achemwali ena a ku Mufakose, muno mu Harare, ku Zimbabwe. Agogo awo anatisiya chaka chatha ali ndi zaka zopitirira 90, mwezi wamawa akukavundukula chiliza ku manda a Granville, ndipo abale awasankha iwowo kuti alembe mbiri ya malemu poti ndiwo "anapita kusukulu". Akuti: "Aliyense amene ndamufunsa akungoti anali mayi wopemphera. Chaka chobadwa sitikuchidziwa, mudzi wawo ku Malawi timangoumva dzina. Ndilembe chiyani choti chidzaze ngakhale tsamba limodzi?"

Achemwali, mawu amenewo, oti mayi wopemphera, ndi amene anaikira agogo anga m'manda kachiwiri.

Maliro awo anachitikira kwathu ku Mabvuku, kum'mawa kwa Harare. Mbiri anawerenga ndi amalume, atavala jekete yobwereka, pepala likunjenjemera m'manja. Anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa ku Mlanda m'boma la Ntcheu, anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi atatu, amoyo ndi atatu, zidzukulu zakuti, zidzukulutudzi zakuti. Kenako mzere womaliza: "Malemuwa anali mayi wopemphera, wokonda anthu, wosadziwa kuyambana ndi munthu." Basi. Mphindi zitatu sizinakwane. Ine ndinali nditakhala pamphasa kumbuyo kwa amayi a Chigwirizano, ndipo ndinaona ndi maso angawa mayi wina wachikulire akugwira mnzake pabondo, n'kubisa nkhope m'chitenje. Anthu ankayesa akulira. Ankaseka. Wosadziwa kuyambana ndi munthu? Agogo anga? Mayi amene anathamangitsa kondakitala wa kombi ndi ambulera chifukwa cha chenji?

Amalume sindikuwada. Anachita zomwe aliyense amachita, kutenga mbiri ya maliro adzana n'kusintha manambala. Koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndili ndi mkwiyo womwe sindinkadziwa kuti ndiutule pa ndani.

Kupemphera ankapempheradi, zimenezo sindingatsutse. Folo koloko m'mawa, kaya kuli chisanu cha mu June chomwe chimalowa mpaka m'mafupa, umangomva bedi lawo lachitsulo lija likulira, kenako maondo pasimenti. Sankadziwa kupemphera chamumtima. Ankatchula aliyense dzina, kuyambira woyamba kubadwa mpaka khanda la dzulo, ndipo ankamuuza Mulungu zonse, zonse ndithu. Ine ndinkagona pansi m'chipinda chomwecho. Tsiku lina ndili ndi zaka 17 ndinalowa usiku mozemba, nsapato m'manja, ndikuti ndawapusitsa. M'bandakucha ndikumva: "Ambuye, mdzukulu wanga wagona apayu mukumudziwa. Komwe anali dzulo ine sindikudziwa, koma Inu munaliko." Sanandifunse kanthu kutacha. Anandipatsa phala ngati masiku onse. Ndinakhala mwezi wathunthu osatuluka dzuwa likalowa.

Ndiye mukandiuza kuti "wopemphera", ine ndimafuna ndimve bedi lija.

Ndipo ankapemphera m'Chichewa chokha. Anakhala mu mzinda uno zaka zoposa 60, anaupeza ukutchedwa Salisbury, anaona ukusintha dzina mu 1982, koma Chishona chawo chinakana kuwongoka mpaka imfa. Pomwe anzathu amati "r" iwo ankaika "l" basi, ndipo ana a m'laini mwathu ankawayeserera akadutsa. Mabhurandaya, ankatitcha choncho, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale agogo Blantyre anangomudutsa kamodzi pa basi. Apa ndiulule tchimo langa. Ndili ku sekondale, akabwera kusukulu kudzalipira fizi ndinkayenda patsogolo kutali, kuti anzanga asamve akundiyitana. Akandilankhula m'Chichewa pagulu ndinkayankha m'Chishona. Iwo sanadandaulepo. Anangonena tsiku lina tikusenda nkhwani kuti, "Chishona ndi chogulira tomato, mwanawe. Ukadzafuna kulira udzachifuna chako." Lero ndikulemba blog ino m'chinenero chomwe ndinkachita nacho manyazi.

Anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba 1953 n'kutha 1963, kutsatira agogo aamuna omwe ankaphika kwa mzungu ku Highlands. Mabvuku ndi Tafara zinadzadza ndi anthu ngati amenewa, ophika ndi osamalira maluwa m'mayadi a kum'mawa kwa tawuni, ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Mpingo anaupeza ulipo kale. Ntchito inayamba mu 1912 pomwe a mishoni ya Dutch Reformed anatumiza m'busa T.C.B. Vlok kudzasamalira anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'matawuni a kuno, ndipo mu 1965 unakhala sinodi payokha mu CCAP, iyi tikuitcha Harare Synod lero. Kwa mtsikana wa ku Ntcheu amene wasiya amake, ankhoswe ake ndi munda wake, tchalitchi chimenecho chinali mudzi. Kumeneko n'komwe ankamva nyimbo zomwe anakulira, kumeneko n'komwe kalata zochokera kumudzi zinkafikira, ndipo wina akamwalira opanda m'bale, kumeneko n'komwe kunkachokera bokosi. Anthu amene amati agogo athu ankangokhalira kutchalitchi chifukwa chosowa chochita sadziwa zomwe akunena.

Buku Lopatulika lawo ndili nalo ine. Chikuto chinatha, anachisoka ndi nsalu ya yunifomu yanga ya pulayimale. Si buku lokha, ndi sutikesi. Muli makhadi a chopereka, malisiti a sosaite ya maliro omwe sanaphonye mwezi ngakhale umodzi, kalata ziwiri za mng'ono wawo, chithunzi cha mwana wawo wachitatu. Pa Masalimo 90 anaikapo ndalama ya pepala ya 2008, ija ya mabiliyoni yosagula ngakhale buledi, ngati chizindikiro cha tsamba. Ndi salimo lomwe limanena kuti zaka za munthu ndi 70, akakhala wamphamvu 80. Atadutsa pamenepo, ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji ankati, "Ine zanga zinatha kale, izi ndikudyazi ndi mbasela."

Tsono mbali ina, yomwe pa maliro sitiinena.

Amayi anga anatenga mimba asanakwatiwe. Mimbayo ndine. Anaimitsidwa kudya mgonero monga mwa lamulo la mpingo, ndipo agogo, omwe nthawi imeneyo anali mtsogoleri wa amayi, anakhala pafupifupi chaka osawalankhula. Nyumba imodzi, zipinda ziwiri, chaka chathunthu. Amayi amandiuza kuti chomwe chinkawapweteka kwambiri si kusalankhulako, koma kuti madzulo aliwonse ankapeza nsima pakhomo la chipinda, yovindikira bwinobwino ndi mbale ina, ndiwo yake yoposa ya wina aliyense m'nyumbamo. Munthu wokukwiyira koma akukupatsa chiwindi cha nkhuku, umutani? Tsiku lomwe ndinabadwa, agogo ndi amene anandisambitsa, ndipo mawu awo oyamba kwa amayi patatha miyezi yonseyo anali akuti, "Ukumugwira molakwika mwanayo, bweretsa kuno." Pepani sananene mpaka kumwalira. Amayi nawo sanaiwale mpaka lero.

Kodi zimenezi n'zoti zilembedwe mu mbiri ya malemu? Poyamba ndinkati ayi. Panopa ndikuti, mwina osati zonse, koma china chake cha mtundu umenewu chiyenera kulowamo. Ndatopa nawo maliro omwe aliyense womwalira amasanduka mngelo. Tikawachotsa ukali, kuuma mutu ndi zolakwa zawo, timatsala ndi munthu amene sanakhaleko, ndipo adzukulu amamvetsera n'kumati, chabwino, amenewo anali oyera, ife sitingafikeko. Chikhristu cha agogo anga sichinali cha munthu wofatsa mwachibadwa. Chinali cha munthu wamtima wapachala amene ankalimbana nawo mtimawo m'mawa uliwonse pasimenti pozizira, tsiku lina n'kupambana, tsiku lina n'kugonja. Ndinganene mosaopa kuti mbiri yosalala ija ndi bodza, ndipo bodza lonenedwa pamaso pa abusa silisanduka choonadi chifukwa taimbapo nyimbo.

Ndipo timasiya ngakhale zabwino zenizeni, poti nazonso n'zosasalala. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, agogo anaika m'manda ana awo atatu. Nthawi imeneyo anthu ankaopa ngakhale kapu yomwe wamwera wodwala. Iwo ndi anzawo awiri a Chigwirizano ankayenda khomo ndi khomo ndi beseni ndi sopo, kusambitsa odwala omwe abale awo enieni ankangowasuzumira pazenera, ndipo akamwalira ankasambitsanso mtembo. Bulauzi yoyera ija, ya Lachinayi, ankaivula n'kuipachika pachitseko kaye kuti isade. Kunyumba tinakwana adzukulu asanu ndi mmodzi, tonse tikudya chimanga cha kamunda kawo ka kudambo ndi ndalama ya mandasi. Mu 2008, mashopu ali mbee, kolera ikupha anthu ku Budiriro ndi Glen View, ife ku Mabvuku mipopi itauma kalekale, ankatidzutsa usiku kukaima pamzere wa pachitsime, ndipo chidebe choyamba sichinkalowa m'nyumba mwathu. Chinkapita kwa nkhalamba ina yakhungu ya kuseri kwathu, Mshona, wa mpingo wina. Pa maliro palibe anatchula zimenezi. Zonsezo anazipinda n'kuziika m'mawu awiri aja, wokonda anthu.

Za mudzi wosadziwika

Apa mwandikumbutsa nkhani ina. Chitupa cha agogo chinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. Cha amayi anga, obadwira konkuno, chinalinso ndi A yemweyo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti sangavote, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anadzatsegulira khomo obadwira kuno. Agogo ankati, "Kwathu ndi kumwamba, kumeneko safunsa chitupa." Anthu ankaseka n'kuvomera kuti ameni. Ine sindikhulupirira kuti sizinkawapweteka.

Kumudzi anapitako kamodzi kokha atakalamba. Basi ya pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pa Mwanza. Anatenga shuga, mabulangete awiri ndi nsalu za mng'ono wawo. Anakapeza mng'onoyo ali m'manda, munda wa amawo ukulimidwa ndi anthu osawadziwa, ana akuwaloza kuti kwabwera agogo a ku Halale. Anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, koma monga mlendo, mtchona. Atabwerako anakhala masiku awiri osanena zambiri, kenako anaitana amalume n'kuwauza kuti, "Ndikadzafa musadzavutike ndi galimoto. Mudzandiike pa Mabvuku pomwepa, pafupi ndi bambo anu." Ndiye musadzimvere chisoni kwambiri kuti mudziwo mumangoudziwa dzina. Lembani dzinalo, mfumu yake ngati mukuidziwa, ndi boma. Mudzi womwe agogo anu anamanga ndi manja awo uli ku Mufakose.

Nanga chaka chobadwa? Cha pachitupa musachikhulupirire msanga, ambiri ankangowayang'ana nkhope n'kuwalembera. Agogo anga ankati pa njala ya 1949 anali ndi mwana woyamba kumsana, ndipo kuchokera pamenepo tinawerengera chobwerera. Funsani choncho: pa njala ija anali msinkhu wanji, Kamuzu pobwera mu 1958 anali kale kuno kapena ayi. Mukalephera lembani kuti "cha m'ma 1930", palibe mlandu. Pitani kwa mlembi wa mpingo, mabuku a mpingo nthawi zambiri amasunga chaka chomwe munthu analowa ndi komwe kalata yake yosamukira inachokera. Tsegulani Baibulo lawo tsamba ndi tsamba musanalipereke kwa wina. Koma chachikulu, pitani Lachinayi kwa amayi anzawo, mukhale pansi, foni ijambule mawu. Musafunse kuti anali munthu wotani, adzakuyankhani zomwe mwamva kale zija. Funsani kuti ankakhala benchi iti, nyimbo yomwe ankayambitsa ndi iti, anakangana ndi ndani ndipo nkhani yake inali yotani. Mukatolera, sankhani nkhani zitatu zokha, imodzi ikhale yoti anthu aseke. Yokhudza munthu amene ali moyo, mukamupemphe kaye.

Ine ndinachedwa. Mayi uja anaseka m'chitenje ndinkati ndidzamuyendera ndikapeza mpata, andiuze chomwe chinamuseketsa, chifukwa ndikudziwa kuti sinali nkhani ya ambulera yokha. Anayenda ndi agogo zaka 40, beseni lija ankanyamula ndi iyeyo. Ndinapita chaka chathachi, nditagula shuga ndi buledi m'mashopu a pa Kamunhu. Anatsegula chitseko ndi mdzukulu wake, n'kundiuza m'Chishona kuti mbuya anawaika mwezi wa August. Shugayo ndinamusiya pomwepo.