Ng'ona imene agogo ankanena sinadye munthu

Achemwali, ndaona funso lanu m'gulu muno lokhudza alendo ofuna nthano za agogo anu. Musanawalole alendo amenewo kuti ajambule mawu a agogowo ndi kukapangira sewero nthano zawo, ndikupemphani muyambe mwamva zimene zinatigwera ife kuno ku Nkhotakota, chifukwa nafenso tinayamba ndi chimwemwe chomwecho chakuti nkhani za pamudzi pathu zikamveka kutali.

Agogo anga aakazi anali ndi nkhani imodzi imene sankaiyamba ndi "padangokhala," ndipo ife sitinkavomera kuti "tili tonse," pakuti iwo ankati imeneyi ndi mbiri ya mbumba yathu. Inali ya agogo awo, amene anagwidwa akadali kamtsikana ndi anthu a Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, m'masiku amene akapolo ankasonkhanitsidwa pa Linga kudikira zombo zowaolotsa nyanja, kuti akayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa, doko la ku Tanzania. Mtsikanayo anathawa usiku nakabisala m'bango la pathamanda la Chia masiku atatu, madzi akumulekeza m'khosi, mpaka msodzi wina anamupeza ndi kumutengera kwawo. Agogo ankanena kuti ng'ona yaikulu inagona pafupi ndi bangolo osamukhudza, ndipo omulondola ataiona anabwerera. Amalume anga amati iwo ali ana ankamva kuti chinali chipika chabe chimene omulondolawo anachiyesa ng'ona, koma pofika kwa ife adzukulu chipikacho chinali chitasanduka mlonda wotumidwa ndi Chauta. Sindikubisa kuti agogo ankaikometsa nkhaniyo, koma kukometsa kwawo konse kunali kolemekeza mwana amene anapulumuka ukapolo.

Kenako kunabwera bambo wina wa m'tauni, waulemu kwambiri pakamwa, atanyamula shuga, sopo ndi chitenje chimodzi. Anakhala pakhonde masiku awiri akujambula mawu, ndipo ndine amene ndinawanyengerera agogo kuti asachite manyazi, chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Patapita miyezi, sewero limene bamboyo anapanga linayamba kuzungulira m'mafoni a anyamata kudzera pa WhatsApp. M'seweromo mtsikana uja anathawa ndi mlongo wake wamng'ono, amene agogo sanamutchulepo n'kamodzi komwe, ndipo atafika m'bango anamupereka kwa ng'ona kuti iye apulumuke, napangana nayo kuti mbumba yake idzakhala ikuweta ng'ona mpaka kalekale. Dzina la mudzi wathu analisiya momwemo, mfunda wathu anausiya momwemo, ndipo anaikamo kanyimbo kosavuta kuloweza kamene ana anayamba kuimba popita kusukulu.

Dzinja lotsatira ng'ona inagwira mwana wa pamudzi pomwepo akusamba, monga zakhala zikuchitikira m'mbali mwa Chia ndi mtsinje wa Bua kuyambira kale. Agogo, amene pa nthawiyo ankayenda ndi ndodo, anatapa ufa m'kambale nandiuza kuti ndiwaperekeze kusiwa. Titalowa, amayi amene anakhala pamphasa anayamba kusendera mmodzimmodzi mpaka agogo anatsala okha pakati, ndipo nyimbo ya maliro inazilala. Mayi wina wachibale cha anamfedwa anaimirira, nakankha kambale kaja ndi phazi, nafunsa mokweza kuti kodi abwera kudzaona ngati chiweto chawo chakhuta. Ufa unamwazika pansi. Agogo sanayankhe kanthu. Anagwada ndi kuyamba kuwola ufawo ndi manja awo onjenjemera, wosakanikirana ndi dothi, ngati kuti cholakwa chinali kutayika kwa ufa, ndipo kunja anyamata ena anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka m'sewero kaja. Ine ndinangoima ngati chitsa, mawu osatuluka, pamene agogo, mayi amene anachapira ndi kusambitsa theka la ana a m'mudzimo ali makanda, ankakwawa pansi pamaso pa anthu onse. Usiku umenewo miyala inagwa padenga lathu la malata mpaka tambala woyamba, agogo atakhala pakona atafunda chitenje chija anapatsidwa ndi mlendo.

Amfumu anaitanitsa bwalo nakumbutsa anthu kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma palibe amene anapepesa, ndipo tinawasamutsira agogo kwa mayi anga ku Salima. Kumeneko anamwalira osabwereranso kumudzi, ndipo nkhani ya agogo awo sanaikambenso ngakhale titawapempha.

Bambo uja nditamupeza pafoni anandiyankha mosatekeseka kuti nthano ilibe mwini, kuti limenelo ndi luso, ndiponso kuti anthu sangaonere sewero lopanda choopsa. Mtima wanga umawira ndikakumbukira yankho limenelo, chifukwa anandiyankha ngati ndine munthu wosadziwa kuti nkhani zimasintha. Ndikudziwa bwino lomwe. Pa boma pathu pomwe pano pali mtengo umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe mu 1863, ndipo ambiri akamaonetsa alendo amafotokoza ngati kuti ukapolo unathera pamthunzi umenewo, chikhalirecho zombo zinapitiriza kuolotsa anthu mpaka zaka za m'ma 1890. Nkhani ya M'bona wa ku Khulubvi ku Nsanje ilinso ndi makambidwe angapo, ndipo wansembe Matthew Schoffeleers atawasonkhanitsa anapeza kuti ena amamufotokoza ngati wobadwa kwa namwali, mofanana ndi zimene anthu anamva kutchalitchi za Yesu. Ngakhale za pa Kaphirintiwa ku Dzalanyama, pamene Chauta anatsika ndi anthu ndi nyama nasiya mapazi pathanthwe, kufikira munthu atapeka moto umene unabalalitsa zonse, alaliki ena masiku ano amazifanizira ndi munda wa Edeni. M'badwo uliwonse umaikamo zimene ukuziopa ndi zimene ukuzilakalaka, ndipo ine sindikangana nazo. Koma kusintha konseko sikunalozepo chala pakhomo la nkhalamba yamoyo, yokhala m'mudzi umene anthu amakhulupirira kale kuti ng'ona zimatumidwa. Bambo uja ankadziwa dera limene ankaponyamo nkhani yakeyo, anasankha dala kusiya momwemo dzina la mudzi ndi mfunda kuti zimveke ngati zoona, analandira kuwomberedwa m'manja kwake, ndipo pamaliro a agogo sanatumize ngakhale uthenga wachipepeso.

Tsono malangizo anga ndi akuti agogo anuwo ajambulidwe ndithu, ndipo musachedwe, chifukwa nkhalamba sizidikira. Yambani inuyo ndi foni yanu, muwajambule kawiri kapena katatu pa masiku osiyana, musunge makambidwe onse ngakhale atasemphana, osasankhapo amodzi kuti ndiwo oona. Alendowo akabwera, mukambirane pamaso pa amfumu ndi mwini mbumba, mulembe papepala kuti maina a anthu, mudzi ndi mfunda asatchulidwe, ndiponso kuti banja lidzaone seweroli lisanapite kwa anthu. Musawakanize kusintha chilichonse, pakuti sewero silingayende ndi mawu a pakhonde okhaokha, koma muwafunse mwachindunji kuti woipa m'nkhaniyo adzakhala yani, ndipo ali ndi zidzukulu zamoyo kapena ayi. Akayamba kuzungulira poyankha funso limenelo, abwezereni shuga wawo.

Ndikudziwa kuti ena m'gulu muno adabwa kuti ndikulimbikitsa kujambula pambuyo pa zonse ndafotokozazi. Chifukwa chake n'chakuti ife sitinawajambulepo agogo, ndipo malo okhawo padziko pano pamene patsala mawu awo akufotokoza za kamtsikana ka m'bango ndi ng'ona imene sinakakhudze ndi m'makina a bambo yemwe uja. Ana anga amangodziwa kanyimbo ka m'sewero, ndipo ndikawafotokozera nkhani yeniyeni amandifunsa kuti nanga mlongo wake uja anapita kuti. Ndamulembera bamboyo kanayi kumupempha kuti anditumizire mawuwo, ndanena kuti ndilipira, ndipo mwezi uno ndimulemberanso.