Yankho kwa achemwali ofuna kujambula zibaluni za ku Bristol kukamada

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga ndipo zithunzi ziwiri mwaikazo ndaziyang'anitsitsa. Kwa anzathu amene simunalione: iwowa anapita ku chionetsero cha zibaluni ku Bristol, ku England, chaka chatha, n'kujambula usiku uja zibaluni zimayatsidwa zili pansi. Chithunzi china chinatuluka chachimbuuzi, china chibaluni chinangoti mbee pakati pa mdima wa bii, mitundu yake osaoneka n'komwe. Kamera yawo ndi Canon yaing'ono yokhala ndi lenzi ya 18-55mm, ija imabwera pamodzi ndi kamera pogula. Akufunsa ngati agule tripod (choimikirapo kamera cha miyendo itatu) kapena angosintha kamera Ogasiti asanafike.

Kamera ina musagule, ndipo za tripod yambani mwadikira. Imene muli nayoyo ikhoza kutulutsa chithunzi choti n'kupachika pabalaza. Chimene chinachitika n'choti munaisiya pa Auto kuti idziganizire yokha, pamene kuwala kwa usiku umenewu n'kwachilendo, kamera siingakumvetse popanda inu kuiuza.

Taganizani mmene zimakhalira pabwalo paja ku Ashton Court, kumene chionetserochi chimachitikira. Zibaluni siziuluka usiku umenewu. Amazimangirira ndi zingwe, zili ndandanda, oyendetsa ali m'madengu mwawo, ndipo amatsegula ndi kutseka moto motsatira nyimbo. Motowo ndi wa gasi wa propane, ndipo choyatsira chake chimatulutsa malawi a mitundu iwiri. Pali lawi lalikulu lokwezera chibaluni m'mwamba, laphokoso, labuluu, lotentha kwambiri koma losawala kwenikweni. Ndiye pali lina lachikasu, lofatsa phokoso, limene oyendetsa amagwiritsa ntchito akamadutsa pamwamba pa ziweto kuti ng'ombe zisadzidzimuke. Lachikasuli ndi limene limawalitsa nsalu yonse ya chibaluni ngati nyali ya galasi, ndipo ndi limene amayatsa pa usiku wa chionetserochi. Koma limayaka kanthawi kochepa, sekondi imodzi, ziwiri, mwina zitatu, kenako thimu.

Tsono kamera ili pa Auto imayeza kuwala moto usanayake. Imaona mdima ponseponse n'kuganiza kuti ikufunika kutsegula shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) nthawi yaitali kuti itole kakuwala kalikonse. Moto uja ukangoti phethi, kuwala kumalowa kopitirira muyeso, ndiye chibaluni chimapsa n'kuyera mbee. Chithunzi chanu chachiwiri chinafa choncho. Choyamba chija, chachimbuuzi, chinafa chifukwa shutter inakhala yotsegula nthawi yaitali pamene manja anu ndi chibalunicho zonse zimasuntha.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse za tripod, chifukwa inenso ndinagwa m'mbuna yomweyi. Chaka changa choyamba ndinanyamula tripod yolemera kuchokera kokwerera basi mpaka kubwalo, ndinaiimika bwinobwino, n'kuika shutter pa masekondi 2 monga ndimachitira ndikamajambula nyumba usiku. Mitengo inatuluka yakuthwa, mpanda unatuluka wakuthwa, koma zibaluni zonse zinali ngati munthu wapaka utoto ndi chala. Tripod imagwira kamera kuti isagwedezeke, koma chibaluni siingachigwire. Chibaluni ndi chinsalu chachikulu chodzaza mpweya, kamphepo kakang'ono kamene inu simukukamva n'komwe pankhope kamachiyendetsa uku ndi uku, ndipo moto ukayaka nsalu imafufuma. Chinthu choyenda chimafuna shutter yothamanga, ndipo shutter ikathamanga manja anu akukwanira. Komanso pakati pa chikhamu chija, miyendo itatu ya tripod imangopunthwitsa ana a eni ake.

Chitani izi. Tembenuzani kagudumu kapamwamba kafike pa M, pamene mumasankha nokha manambala onse. Shutter ikani pa 1/160 ya sekondi. Aperture, bowo la m'lenzi lolowera kuwala, itseguleni mpaka pomwe lenzi yanu imathera, ndiye kuti nambala yaing'ono kwambiri, f/3.5. ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, yambirani pa 1600. Flash itsekeni, siingafike pachibaluni, imangowalitsa mitu ya anthu ali patsogolo panu. Moto woyamba ukayaka jambulani, kenako yang'anani chibalunicho pa sikirini, musasamale za kumwamba kapena udzu. Ngati mitundu yake yafufuta n'kuyamba kuyera, tsitsani ISO ifike pa 800. Ngati chada kwambiri, kwezani ifike pa 3200. Shutter yokhayo yesetsani kuti isatsike kupitirira 1/100. Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa chibaluni choyera kapena chachikasu chimawala kuposa chofiira kapena chabuluu, komanso kuwala kumasiyana malinga ndi pamene mwaima. Koma mukangopeza pabwino, musamangosinthasintha. Moto wa chibaluni chimodzi umawala pafupifupi mofanana nthawi iliyonse ukayaka, n'chifukwa chake M amagwira bwino ntchito kuposa china chilichonse pamenepa.

Kamuyeso kaja kamaoneka pansi mukasuzumira m'kamera kadzakhala kakukuuzani kuti chithunzi chada kwambiri. Kanyalanyazeni. Kakuyeza mdima umene inu simukuujambula. Chimene chingakuthandizeni ndi chenjezo lija limaphethira pa sikirini malo amene apsa. Lawi lenilenilo likamaphethira palibe vuto, lawi limayera basi, koma nsalu ikayamba kuphethira dziwani kuti mwapitiriza.

Ena amaopa ISO yokwera chifukwa cha timadontho tonga mchenga timene timabwera pachithunzi. Ine ndimati bola mchenga kusiyana ndi chimbuuzi. Mchenga umachepetsedwa pakompyuta, ndipo pachithunzi choika pa Facebook kapena chotsukitsa chaching'ono suoneka n'komwe. Chithunzi chogwedezeka chilibe mankhwala.

Lenzi yanuyo ili ndi khalidwe limodzi loti mulidziwe. Ikakhala pa 18mm imatseguka mpaka f/3.5, koma mukaikoka kufika pa 55mm imathera pa f/5.6, ndipo kuwala kolowa kumachepa kupitirira theka. Masana simungazindikire, koma usiku ndi nkhani yaikulu. Choncho khalani chakumunsi, pakati pa 18 ndi 24mm, ndipo ngati mukufuna chibaluni chioneke chachikulu sunthani miyendo, kapena mudzadule chithunzicho kunyumba. Ngati ndalama ija ikukuyabwani ndithu, gulani lenzi ya 50mm f/1.8, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi imodzi mwa malenzi otchipa kwambiri a Canon, koma imalowetsa kuwala kochuluka kwambiri poyerekeza ndi yanuyo ili pa 55mm. Ndi imeneyo mungajambule nkhope ya woyendetsa ali m'dengu, mutu ataweramutsira m'mwamba, dzanja lili pa chotsegulira moto, nkhope yonse itati psuu ndi lawi. Kwa ine zithunzi zotere zimaposa za ndandanda wa zibaluni, chifukwa ndandanda uja aliyense amabwera nawo kunyumba.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndimaiona ngati yofunika kuposa manambala onsewa. Ife amene tinakulira ku Malawi tinazolowera kuti dzuwa likangolowa, mphindi zochepa kwada. Kuno chisisira chimachedwa, makamaka nyengo yotentha, chifukwa tili kutali ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi (equator). Kumayambiriro kwa Ogasiti dzuwa ku Bristol limalowa cha m'ma 8:40 madzulo, ndipo kumwamba kumakhalabe kobiriwira kwa theka la ola kapena kuposerapo. Kuyatsa zibaluni kumayamba cha m'ma 9 koloko. Ndiye kuti mphindi zoyambirira zenizeni ndi zimene zili ndi chuma: kumwamba kwabuluu wakuya, zibaluni zachikasu ndi zofiira patsogolo pake, mitengo ya Ashton Court ikuonekabe mizere yake. Kukangoda bii, chibaluni chimaoneka ngati chalendewera m'dzenje, ndipo zimene sizinayake nthawi imeneyo zimasoweka. Anthu ambiri amataya mphindi zimenezi akulimbana ndi mabatani. Inu mufike msanga, mukhale mutakonzeka. Oyendetsa akamaimika zibaluni amayatsa moto kambirimbiri nyimbo zisanayambe, ndipo mpata woyesera manambala anu ndi umenewo. Zithunzi zina zabwino zimatuluka nthawi yomweyo, chibaluni chikudzuka pansi pang'onopang'ono, anthu atagwira kukamwa kwake, lawi likulowa chopingasa.

Musasokoneze ndi kuuluka kwa madzulo, kuja zibaluni zambiri zimanyamuka pamodzi cha m'ma 6 koloko. Nthawi imeneyo mu Ogasiti dzuwa likadali m'mwamba, kuwala kulipo kokwanira, ISO 200 kapena 400 ikukwanirani. Kwina kumachitika m'mamawa, cha m'ma 6 kolokonso. Amasankha nthawi ziwirizi chifukwa mpweya umakhala wodekha. Masana nthaka ikatentha mpweya umakwera mosalongosoka ndipo chibaluni chimavuta kuchiwongolera. Mphepo ikakhala ikuzikankhira chakumzinda, anthu amakaima ku Clifton, dera lina la Bristol, kuti azijambule zikudutsa pamwamba pa mlatho wolendewera uja wa injiniya Brunel. Koma zimenezo n'zatsiku lina, simungakhale ku Clifton ndi kutsogolo kwa mpanda wa bwalo madzulo amodzi popanda kuthamanga.

Focus nayo imavutitsa mumdima. Lenzi imangoti uku ndi uku kufunafuna pogwira, ndipo ikamapeza moto wazima kale. Dikirani chibaluni chiyake, lozani kadontho kapakati pamene pali zilembo kapena pamene mitundu iwiri yakumana, dinani batani theka mpaka igwire, kenako sunthani kabatani kali pambali pa lenzi kuchoka pa AF kupita pa MF, kuti lenzi isiye kufunafuna yokha. Mukatero musakhudzenso mphete yakutsogolo, ndipo mukasintha zoom kapena malo oima, bwerezani. Ikaninso kamera kuti izijambula motsatizana mukapanikiza batani. Lawi limayamba laling'ono, limakula, kenako limafota, ndipo pa zithunzi zinayi kapena zisanu chimodzi chokha ndi chimene nsalu yonse imakhala itawala mpaka pamwamba. Khutu likuthandizeninso: poti amayatsa motsatira nyimbo, mukamvetsera pang'ono mumayamba kudziwa pamene onse ayatsire limodzi. Zigongono zikhale zitatsamira m'nthiti, mpweya muugwire pang'ono podina.

White balance, imene imawongolera mitundu, ichotseni pa Auto muike pa kachizindikiro ka dzuwa. Auto imaona chikasu cha moto ngati cholakwika n'kuyesa kuchizimitsa, ndiye chithunzi chimatuluka chozizira, chosafanana ndi zimene maso anu anaona. Ngati muli ndi pulogalamu yokonzera zithunzi, jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yatola), kapena RAW pamodzi ndi JPEG. Mu RAW mungathe kudzutsa malo akuda ndi kubweza pang'ono malo owala kwambiri. Khadi lokha likhale lalikulu ndi lopanda kanthu, batire yodzaza, ndipo ngati ilipo yachiwiri ikhale m'thumba la jekete.

Za poima. Pa Bristol anthu saloledwa kulowa m'bwalo mwenimwenimo, mumaonera kunja kwa mpanda, mosiyana ndi ku Albuquerque ku America kumene anthu amayenda pakati pa zibaluni. Kulowa n'kwaulere, ndiye anthu amakhala osayamba. Mukafuna kutsogolo, pitani kukadali kowala mukakhale pamenepo. Pafupi pamakoma, moto ukayaka mumamva kutentha kukufikani pamasaya ngati mwayandikira ng'anjo. Koma mukalephera kutsogolo musadandaule. Bwererani m'mbuyo pamalo okwera pang'ono, muwalowetse anthuwo m'chithunzi. Chithunzi chimene ndimachikonda kwambiri pa zonse ndinajambulako kumeneko n'cha mwana atakwera pamapewa a bambo ake, onse awiri akuda bii ngati mthunzi, timanja ta mwanayo titatseka makutu, kutsogolo kwawo chibaluni chofiira chitangoyaka kumene. Sindinawaone nkhope, ndipo chithunzicho sichifuna nkhope. Anthu ndi amene amaonetsa kukula kwa chibaluni.

Amene mudzagwiritse ntchito foni, samalani ndi night mode. Imatola zithunzi zingapo kwa masekondi angapo n'kuziphatikiza, ndiye moto ukayaka ndi kuzima pakati pa nthawi imeneyo zimatuluka zosokonekera. Itsekeni. Dinani pachibaluni chowala n'kugwiritsitsa mpaka foni itseke focus ndi kuwala, kenako tsitsani kadzuwa kaja mpaka mitundu ibwerere. Mafoni amene kamera yake ili ndi Pro mode amalola kuika shutter ndi ISO ngati kamera.

Dziwaninso kuti zonsezi zimadalira nyengo. Chionetserochi chinayamba mu 1979, mumzinda umene muli fakitale yopanga zibaluni ya Cameron Balloons, koma ngakhale akatswiri amenewo mphepo ikakula sadzutsa chibaluni. Zikatero nthawi zina amangoimika madengu okha n'kumayatsa malawi opanda nsalu. Musabwerere, jambulani malawiwo, ingothamangitsani shutter ifike pa 1/500 ndi kutsitsa ISO chifukwa lawi lapoyera limawala kwambiri. Tengani jekete, udzu wa kumeneko umazizira dzuwa likalowa, ndi kansalu kopukutira lenzi chifukwa mame amagwa msanga.

Masabata atsalawa yeserani kunyumba. Tengani nyali ya pambali pa bedi yokhala ndi chivindikiro cha nsalu kapena pepala, muiike pawindo kapena pakhonde dzuwa litangolowa. Wina aziyatsa ndi kuzimitsa mosakuuzani, inu muli chapatali ndi kamera pa M. Chitani zimenezi madzulo awiri kapena atatu mpaka zala zizolowere kupeza batani la ISO ndi kagudumu ka shutter popanda kuyang'ana, chifukwa kubwalo kuja simudzawaona mabataniwo. Mukajambula za nyaliyo ikani chimodzi muno pamodzi ndi manambala amene munagwiritsa ntchito, tidzaonere limodzi tsikulo lisanafike.